Azakhali, mwana wanga ndimamukonda koma ndatopa

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Bangwe nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi balaza. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ndi mtsikana ali Sitandade 7 nde wachiwiriyu ndi mnyamata wa zaka 7. Ali ndi zaka 4 madokotala ku Gulupu anandiuza kuti ali ndi autism. Sayankhula, mawu omwe amatchula ndi "ma" ndi "tii" basi, akafuna chinthu amangondigwira dzanja nkundikokera pomwe pali chinthucho. Bambo ake anachoka mwanayu ali ndi zaka 3, akuti kumtundu kwawo kulibe ana otere nde ndikafunse kwathu, pano anakwatira kwina ndipo olo sopo satumiza.

Ndimagulitsa kaunjika mu Limbe koma masiku ano ndikumapita mwa apo ndi apo chifukwa ndilibe omusiyira. Ndinakamuyambitsa sukulu ina yapafupi anangokhala sabata ziwiri nkundiuza kuti akusokoneza anzake ndimusunge kaye kunyumba. Antchito ndayesapo awiri, oyambawo anathawa okha, achiwiriwo ndinawapeza atamumanga mwendo ndi chitenje ku bedi. Kugona amagona mochedwa, pena 1 koloko usiku ali maso akungozungulira m'nyumba, 4 koloko wadzuka kale. Ndikangotsegula chitseko amathamangira kumsewu moti tsiku lina anamutola ndi a kabaza pafupi ndi msika. Kusamba ndimasamba chitseko cha bafa chili chotsegula kuti ndizimuona. Kutchalitchi ndinasiya, kumaliro sindipita nde anthu akuti ndine onyada, ena akuti ndinamukhwimira kuti geni iziyenda, geni yake iti yomwe ikuyendayo Azakhali?

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha anakhuthulira ufa onse pansi, ufa omwe ndinagula ndi ndalama yomaliza, ndinamumenya kwambiri kenako ndinangokhala pansi pa ufa pomwepo nkuyamba kulira, iye anabwera nkumandigwiragwira kumaso. Usiku umenewo ndinaganiza kuti bola nditangogona osadzukanso. Msuweni wanga ali ku Leicester amandiuza pa WhatsApp kuti kumeneko kuli respite care, akuti kumabwera anthu kudzakusungira mwana kuti iwe upumeko. Kuno zilipo zimenezo? Nanga si tchimo mayi kufuna kupuma kwa mwana obereka yekha? Mnzanga wina akuti ndizimumwetsa piritoni usiku kuti azigona, ndichite?

Mayi wotopa, Bangwe

Mayi,

Kalata yanu ndayiwerenga kawiri ndipo ndiyambira pa usiku uja munaganiza zogona osadzukanso, zinazo zidikire kaye. Maganizo amenewo amamubwerera munthu amene watha miyezi osagona tulo teniteni, ali yekhayekha, ndalama palibe, anthu akumunena. Si misala ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro, koma si osunganso mumtima ayi. Sabata ino yomweyi pitani kuchipatala, kaya chaching'ono cha kwanuko kaya ku Gulupu komwe mwana ali ndi mbiri yake kale, mukawauze achipatala mawu omwewa mwandilemberawa osazungulira, musakangoti mutu ukundipweteka chifukwa akakupatsani panado nkubwerako. Alipo anamwino ndi madokotala omwe anaphunzira za umoyo wa maganizo, kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse ndipo chithandizo chake chilipo. Mukayezetsenso BP muli komweko. Maganizo aja akabweranso usiku dzutsani aneba, imbirani m'bale, musakhale nawo nokha mpaka kuche. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana, ndipo mayi amene akuopa kuti kutopa kumufikitsa povulaza mwana wake akhoza kuyimba ndithu.

Za kumumenya kuja sindikuuzani kuti palibe kanthu, mukudziwa nokha kuti sizinali bwino nchifukwa chake munalira. Mwana otere ndodo siyimuphunzitsa kanthu, samalumikiza ufa uja ndi ululu umene akumva, amangoona kuti munthu m'modzi yemwe amamudalira wasanduka choopsa. Mukadzamva kuti mtima wafika pakhosi muikeni pomwe sangavulale, inu tulukani muime pakhomo pomwepo mphindi zochepa mpaka manja asiye kunjenjemera. Koma ine chomwe ndikuona pa ufa paja si mayi wankhanza, ndikuona mayi amene zaka 4 sanapumeko olo tsiku limodzi, nde funso lanu lakuti ndi tchimo kapena ayi ndikuyankhani mosabisa: si tchimo. Anesi omwe amasamala odwala kuchipatala amaweruka, wina nkulowa. Alonda amasinthana. Inu nokha ndi amene mwagwira usana ndi usiku kuyambira mwana ali ndi zaka 3 popanda okulandirani, mutu umodzi susenza denga mayi, ndipo mukagwa inu kamnyamatako kalibe kwina kolowera.

Zoti munamukhwimira zisiyeni ziwapweteke pakamwa eni akewo. Autism ndi mmene ubongo wa mwana unapangikira ndi mmene ukukulira, zizindikiro zake zimaoneka mwana asanakwane zaka 3, ndipo imapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ndi pafupifupi mwana m'modzi mwa ana 100 aliwonse padziko lapansi, nde tangoganizani ku Bangwe konseko kuli ana angati, ambiri mwa iwo ali otsekeredwa m'nyumba amayi awo akuganiza kuti ali okha ngati mmene mukuganizira inumu. Si katemera wa kusikelo, si chomwe munadya muli oyembekezera, si kuti munalephera kulera. Zakumtundu zimatengapo mbali yaikulu inde, koma mtunduwo ndi wa anthu awiri, bambo aja sangaloze chala kwanu kokha ngati mwana munamuumba nokha.

Tsopano za msuweni wanu. Akunena zoona, ku England kuyambira 2011 makhonsolo amakakamizidwa ndi lamulo kukonza zoti osamala ana aulumali azipumako, pena kumabwera munthu kunyumba maola angapo, pena mwana amakakhala kumalo okonzedwa Loweruka kapena kugona komweko usiku umodzi. Kuno musadikire kuti tsiku lina kubwera galimoto ya boma ndi munthu odzakulandirani, mudikira mpaka imvi. Koma chinthu chenichenicho, chakuti munthu wina okhulupirika akhale ndi mwana nthawi yodziwika inu muchokepo, chimenecho timatha kuchimanga tokha ndi anthu omwe tili nawo pafupi. Ndanena kuti kumanga dala, chifukwa sichichitika tsiku limodzi ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa.

Ndikuuzeni za ine. Mwana wa mchemwali wanga nayenso akulera yekha mnyamata otere, ndipo tsiku loyamba kundisiyira ndinadzitenga ngati katswiri poti ndalera ana anga ndi a eni ake. Mayi ake atangotuluka ndinatenga tsache nkusesa pabalaza, panali tizitsekerero ta mabotolo a Fanta ndi Sobo tondandalikidwa mzere kuchokera pakhomo mpaka kumpando, ine nkuona ngati zinyalala nkuwolera mu chidebe. Mwana uja anakuwa kukuwa komwe sindinakumvepo, akudzimenya mutu ndi zibakera, ine kumunyamula kuti ndimutonthoze zinangoonjeza, kumuyimbira nyimbo anatseka makutu. Maola awiri tili choncho. Mayi ake atabwera sanayankhule zambiri, anazimitsa wailesi, anatola tizitsekerero tija nkutibwezera pansi, nkukhala chete pambali pake osamugwira. Pasanathe mphindi 10 mwana anali akundanda mzere wake. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti mtima wabwino okha sukwanira, omusiyira mwana otere ayenera kuphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi wake ndi mayi ake basi palibenso wina.

Nde inu yambani ndi munthu m'modzi, osati gulu. Muganizire munthu ofatsa, osapupuluma, osati olongolola, mwina mayi wachikulire wa kutchalitchi kwanu kuja, mwina aneba omwe mwana amawalola kukhala naye pafupi, ana amenewa amasankha okha anthu ndipo mukayang'anitsitsa muona amene samuthawa. Mukapita kukapempha musakanene kuti "muzindithandizako", mawu amenewo aliyense amavomera ndipo palibe amabwera. Mukanene kuti Lachitatu lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Munthu amaopa katundu yemwe sakudziwa kulemera kwake, koma maola 3 pa sabata ambiri atha kuvomera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ndikudziwa kuti mutanenedwa zaufiti kupempha kumawawa, komabe mwa anthu 10 omwe mukuwaona ngati akukusekani mwina awiri amangosowa poyambira.

Sabata zoyamba abwere inu mulipo, angokhala, azimwa tiyi, mwana awazolowere nkhope ndi fungo, asamukakamize moni olo kumuyang'ana m'maso. Kenako muzituluka mphindi 15 kupita pa okala, kenako theka la ola, kenako ola, mpaka maola 3 aja, zitha kutenga mwezi olo iwiri musataye mtima. Zichitikire kunyumba kwanu komwe iye amadziwa pali chilichonse, osati kwa eni ake. Pochoka musamazembe, muzimuuza mawu omwewomwewo ndi chizindikiro chomwecho nthawi zonse, mwina kumuonetsa chikwama chanu cha kumsika, ndipo muzibwera nthawi yomwe mwanena olo atakhala kuti sayankhula, amamva zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mutenge kope la 40 mapeji mulembemo zonse zomwe zili m'mutu mwanu: amadya chani komanso mbale yake ndi iti, akafuna kuchimbudzi amatani, phokoso lomwe amadana nalo kaya ndi chigayo kaya njinga yamoto kaya chimkuzamawu cha tchalitchi, chomwe chimamukhazika mtima pansi, nambala yanu ndi ya munthu wina wachiwiri. Ndipo muwauziretu poyera kuti mwanayu samenyedwa, samangidwa, satsekeredwa yekha m'nyumba muli mbaula kapena kandulo.

Pano ndiime kaye ndinene chinthu chovuta. Mwana osayankhula sangakuuzeni zomwe wachitidwa, nde anthu oipa mtima amapezerapo mwayi, anyamata omwe amachitidwa nkhanza zogonana osati atsikana okha. Musamusiye ndi munthu ongomudziwa dzulo olo akhale okoma pakamwa bwanji. Nthawi zina muzibwera msanga mosayembekezereka, pomusambitsa muziyang'ana thupi lonse, ndipo akayamba kuopa munthu yemwe kale samamuopa mukhulupirireni mwanayo. Mukapeza chokayikitsa pitani kuchipatala ndi ku Victim Support Unit ya polisi, osakambirana zapachibale.

Njira ina yomwe ine ndimayikonda kwambiri ndi ya chipereganyu cha nthawi. Amayi timadziwa kale chipereganyu cha ndalama ndi banki mkhonde, bwanji osapanga cha maola? Tsiku lopita ku kiliniki ya ana ku Gulupu muyang'ane pa benchi pomwe mwakhalapo, mupezapo mayi wina yemwe mwana wake akukupiza manja kapena watseka makutu, mupatseni moni mutengane manambala. Mayi ameneyo simufunika kumufotokozera kalikonse, sadabwa, sakuweruzani. Mukakhala atatu kapena anayi oyandikana, awiri amatsala ndi ana onse pomwe enawo apita kogulitsa kapena kokagona, sabata inayo nkusinthana. Mayi m'modzi asatsale yekha ndi ana atatu otere, ameneyo ndiye mwamupha. Kulinso bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, komanso FEDOMA yomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi MACODA yomwe ambiri tinazolowera kuyitchula MACOHA isanasinthe. Afunseni ngati pali gulu la makolo lomwe limakumana dera lanu, ndipo ku ofesi ya Social Welfare mukalembetse kuti akudziweni inu ndi mwanayo.

Piritoni ayi, chonde. Amenewo ndi mankhwala a ziwengo ndi kuyabwa, si a tulo, ana ena m'malo mogona amachita kubalalika kuposa kale, ndipo mayi otopa usiku sachedwa kuonjezera mlingo. Vuto la tulo ndi lofala kwambiri mwa ana a autism nde adokotala sakadabwa, kawauzeni ndipo ngati pakufunika mankhwala akalembe ndi iwowo. Akamuonenso mano, makutu ndi m'mimba ngati sakudzimbidwa, mwana osayankhula dzino likamupweteka sanena, amangozungulira m'nyumba usiku onse. Ngati mumamuona nthawi zina akungoti duu maso ali gwa osakumvani, kapena kugwedezeka thupi ali mtulo, munenenso chifukwa khunyu limapezekapezeka mwa ana amenewa. Ndaonanso kuti limodzi mwa mawu ake awiri aja ndi "tii". Ngati ndi tiyi wamasamba ndipo amamwa madzulo, ameneyo amathamangitsa tulo olo kwa akulu, kuyambira masana muzimupatsa madzi ofunda a mkaka kapena kaphala mu kapu yake yomweyo. Foni ichoke m'manja ola limodzi asanagone, kusamba, kudya, kuzimitsa getsi zizichitika mundondomeko imodzimodzi tsiku lililonse. Sizisintha sabata imodzi koma zimathandiza.

Zothawira kumsewu, pemphani alandilodi mukhomere kaloko kokoka pamwamba penipeni pa chitseko pomwe iye safikira, mulembe nambala yanu pa kansalu musokere mkati mwa malaya ake onse, ndipo a kabaza omwe anamutola aja muwapitire pa siteji pawo mukawathokoze nkuwauza kuti mwanayu sayankhula, mukamuona yekha mugwireni mundiyimbire. Mwa okala ndi amayi a pa mpopi muwauzenso. Anthu akadziwa dzina la vuto ena amasiya miseche nkusanduka maso anu.

Sukulu ija sinachite bwino. Mwana waulumali ali ndi ufulu wa maphunziro ngati wina aliyense, lamulo la anthu aulumali la 2024 lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 silola kumusala. Ndikudziwa kuti mphunzitsi m'modzi wa ana odzaza kalasi mpaka pakhomo zimamukulira, koma yankho lake si kukubwezerani mwana nkuiwala. Pitani ku TDC, ofesi ya zamaphunziro ya dera lanu, mukaonane ndi a PEA omwe ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale, mutenge buku lake la kuchipatala, mukafunse sukulu yomwe ili ndi resource centre ndi mphunzitsi wa ana ofunika maphunziro apadera, aphunzitsi amenewa amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, pafupi pomwepa. Olo atamamulandira maola awiri okha m'mawa, iye aphunzira kukhala ndi anthu ena ndipo inu amenewo ndi maola 10 pa sabata omwe pano mulibe.

Bambo ake asakuthereni choncho. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limati kholo lililonse liyenera kusamala mwana wake, kaya ukwati ulipo kaya unatha. Yambirani ku Social Welfare akawayitanitse, akakanika kasumeni kukhoti loona za ana, ndipo a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu omwe sangakwanitse loya. Ndalama imeneyo si mphatso yoti muchite nayo manyazi, ndi yomwe ingalipire munthu okulandirani uja kangachepe ka sopo. Za Mtukula Pakhomo mukafunse komweko, unayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo umapita kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe ogwira ntchito, si onse amalowa nde musawerengerepo kwambiri koma kufunsa nkwaulere.

Mtsikana wanu wa Sitandade 7 simunamutchule kwambiri, ndipo ndikukayika kuti ndi iyeyo amene amagwira mlongo wake inu mukathamangira mu Limbe. Kuthandiza athandize ndithu koma asasanduke mayi wachiwiri, chaka chamawa ali ndi mayeso a Sitandade 8 ndipo ana otere amakula ali chete osapempha kanthu poona kuti amayi atopa kale. Lachitatu limodzi pa mwezi likhale lake, mupite naye olo kukangodya chipisi pa chiwaya awiriwiri mumve za kusukulu kwake.

Ndipo maola 3 aja akapezeka ndikukudziwani amayi, mukufuna mukachape, mukaode bero, mukakolope. Geni ndi yofunika sindikukana, mukapeza tsiku lachiwiri likhale la mu Limbe. Koma Lachitatu loyamba pitani kwa mnzanu mukapemphe mphasa mugone, foni ikhale pafupi koma mugone. Lachitatu lotsatira mukalukitse tsitsi, kapena mukakhale kumbuyo kwa tchalitchi nthawi ya kwaya osayang'anayang'ana kukhomo. Mudzamva kulakwa mumtima, mudzafuna kubwerera pakatha theka la ola, amayi onse amatero poyamba. Khalani mpaka 5 koloko ikwane. Mundilemberenso mukabwerako kuchipatala kuja, ndikufuna ndimve kuti munapita.

Azakhali,

Ine ndili ku Joni chaka chachisanu tsopano, ndimagwira ntchito ya m'garden. Mlongo wanga ali ku Area 36 ku Lilongwe akulera yekha mwana wamkazi wa zaka 9 wa autism, mwamuna anamwalira. Mwezi ulionse ndimatumiza kangachepe pa Mukuru osaphonya koma ndikayimba foni amangoyankha mokalipa, pena akuti inu mukudziwa chani muli kutali. Kumudzi akuti mwanayo apite naye kwa asing'anga chifukwa akuganizira agogo ena ake. Ine monga malume nditani, ndalama ndikutumizazi sizikukwana kapena?

Malume, Johannesburg

Achimwene,

Mukuchita bwino kutumiza ndipo musasiye, amalume ambiri akawoloka Beitbridge mbumba amayiiwala. Koma mlongo wanu sakukalipira ndalama, watopa, ndipo inu ndi munthu yekhayo amene angamukalipire osaopa kuti amuthawa. Ndalama mukutumizayo ikumathera ku lendi, ufa ndi makala, palibe olo kwacha imodzi yomwe ikumugulira tulo. Ngati mungathe onjezerani kangachepe kapadera nkumuuza kuti iyi si ya ndiwo, ndi yolipira munthu oti azikhala ndi mwana tsiku limodzi pa sabata, munthuyo asankhe yekha mlongo wanuyo ndipo amuphunzitse pang'onopang'ono mmene ndafotokozera mayi a ku Bangwe pamwambapa. Mtsikana wa zaka 9 akuyandikira kutha msinkhu nde omusungayo akhale mzimayi okhulupirika, ndipo nkhani yomukonzekeretsa za kumwezi iyambike pano mothandizana ndi achipatala, isadzamudzidzimutse. Ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, kulinso a St John of God omwe amagwira ntchito za umoyo wa maganizo kumeneko ndi ku Mzuzu, thiransipoti yopitira kumeneko muziyiwerengeranso.

Mukamayimba foni musamayambe ndi "ndalama ija yafika?" Mufunseni kuti wagona maola angati, wadya chani iyeyo osati mwana, kenako khalani chete ayankhule olo mphindi 20 osamupatsa malangizo.

Za kumudzizo nde ntchito yanu yeniyeni, mwini mbumba ndinu. Mlongo wanu akakana yekha amunena kuti ndi wamwano kapena akubisa kanthu, koma mawu a malume amamveka. Imbirani akuluakulu a banja muwauze kuti mwanayu anaonedwa ndi madokotala, vuto lake lili ndi dzina, palibe omutema mphini kapena kumumwetsa zosadziwika, ndipo agogo akuganiziridwawo asiyidwe. Tamva kokwanira za agogo omenyedwa ndi kuphedwa m'midzi mwathu chifukwa cha mphekesera zoyamba chonchi, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene akufunitsitsa kuthandiza mdzukulu muwauze kuti njira ilipo, azakhali ake kapena mng'ono wa mayi ake abwere ku Area 36 adzakhale sabata ziwiri, basi muwalipirire ndinu.

Mukabwera pa Khirisimasi musadzangofika ndi zikwama nkujambulitsa zithunzi. Dzakhaleni pakhonde ndi mphwanuyo masiku angapo mpaka akuzolowereni, mudzafunse mayi ake chomwe amakonda ndi chomwe amadana nacho, kenako masana ena mudzamuuze mlongo wanu kuti avale apite komwe akufuna, mwana atsala ndi malume ake mpaka dzuwa lipendeke.

Azakhali